Memory ya Khadi la Graphics Imatha Kusunga Mafayilo, Koma Ili Kutsidya

M'timashopu tokonza mavidiyo a maukwati ku Ulongue, ku Moatize ndi mumzinda wa Tete, komanso m'zipinda zimene anyamata amalipira kuti asewere magemu a mpira, muli makompyuta ambiri a ziwalo zosayenderana. Bokosi lake ndi lakale, RAM ndi 4 GB basi, hard disk ndi ija yozungulira, koma khadi la graphics limene lili m'katimo ndi la 6 GB kapena 8 GB, logulidwa kwa munthu chifukwa gemu kapena pulogalamu yodulira mavidiyo inkalifuna. Maola ambiri a tsiku khadilo silikhala ndi ntchito yolemera. Kuonetsa zenera, kulemba kalata, kukonza CV ya munthu, zonsezi zimangotapa pang'ono memory yake. Yotsalayo imangokhala, pomwe RAM yadzaza ndipo hard disk ikuvutika. Ndiye munthu woganiza amafunsa kuti, kodi memory yongokhalayi sitingaisandutse malo oikapo mafayilo?

Zimatheka, ndipo anthu anazichita kalekale. Koma amene akufuna kuyesa ayenera kudziwiratu chimene apeze, chifukwa phindu lake ndi lochepa poyerekeza ndi manambala olembedwa pa bokosi la khadi, ndipo kuopsa kwake kumakumana ndendende ndi mavuto awiri amene timakhala nawo kuno: kuthima kwa magetsi ndi kutentha.

Tiyambe ndi chimene memory imeneyi ili. Akatswiri amaitcha VRAM. Ndi timachipu ta mtundu wa GDDR5 kapena GDDR6 tomatidwa pa khadi, mozungulira chip yaikulu yotchedwa GPU, imene imapanga zithunzi zooneka pa sikirini. Mapangidwe ake ndi amodzi ndi a RAM wamba: kachidutswa kalikonse ka uthenga ndi mphamvu pang'ono ya magetsi yosungidwa m'kachipinda kakang'ono kosaoneka ndi maso, ndipo mphamvuyo imadontha. Kuti uthengawo usatayike, memory imadziwerenga ndi kudzilembanso nthawi zonse. Mu RAM ya DDR4 mzere uliwonse uyenera kutsitsimutsidwa pasanathe ma millisecond 64. Magetsi akangoduka kutsitsimutsako kumaima, ndipo zonse zimafufutika. Apa m'pamene RAM ndi VRAM zimasiyana ndi hard disk, SSD kapena flash, zimene zimasunga zinthu ngakhale zili m'thumba. Choncho tikamanena kuti "kusunga" mafayilo mu VRAM, tikunena kuwaika kwa kanthawi, kompyuta idakali yoyaka.

Chimene chimakopa anthu ndi liwiro. Khadi la GTX 1060 la 6 GB, lotuluka mu 2016, limasuntha 192 GB pa sekondi pakati pa GPU ndi memory yake. RX 580 ya 8 GB, ya mu 2017, imafika 256 GB pa sekondi. RTX 3060 ya 12 GB imafika 360. Yerekezani ndi zina. Ndodo imodzi ya RAM ya DDR3-1600 imapereka 12.8 GB pa sekondi, ya DDR4-3200 imapereka 25.6. SSD yolumikiza pa SATA imathera cha pa 550 MB pa sekondi, ndipo hard disk yozungulira imakhala pakati pa 100 ndi 200 MB ikamawerenga fayilo imodzi yaikulu. Munthu akaona manambalawa amaganiza kuti wapeza disk yoposa SSD kambirimbiri, yosagula.

Vuto ndi lakuti liwiro limenelo ndi la GPU, osati la purosesa. Mafayilo amatsegulidwa ndi mapulogalamu amene akuyenda pa purosesa, ndipo purosesa siikhudza VRAM mwachindunji ngati mmene imakhudzira RAM. Pakati pawo pali njira ya PCI Express, mpata wautali uja umene khadi limalowamo pa motherboard. Aliyense amene anaolokapo Zambezi pa mlatho wa Samora Machel amvetsa. Tangoganizani nyumba yaikulu yosungiramo katundu ku Matundo, ya zitseko zambiri, antchito ake achangu kwambiri, katundu akuyenda mothamanga m'katimo. Koma sitolo yanu ili m'tawuni, tsidya lino. Changu cha m'nyumba ija sichikuthandizani, chifukwa thumba lililonse liyenera kudutsa pa mlatho, ndipo mlathowo ndi umene ukulamula kuti katundu afike wochuluka bwanji. PCI Express 3.0 ya mizere 16 imadutsitsa pafupifupi 16 GB pa sekondi mbali imodzi. Ya 4.0 imafika pafupifupi 32. Ya 2.0, imene ili m'mabokosi ambiri akale, imathera pa 8. Ndipo pa ma motherboard ena mpata wachiwiri, ngakhale ukuoneka wautali, uli ndi mizere inayi yokha yolumikizidwa. Ndiye 256 GB ija yatsika kale kufika pa 16 kapena 8 tisanayambe n'komwe.

Njira yoyamba imene anthu a Linux ankagwiritsa ntchito inali yolowera pazenera laling'ono. Khadi lililonse limatsegulira purosesa kagawo ka memory yake, kotchedwa BAR, kamene kwa zaka zambiri kankakhala 256 MB basi ngakhale khadi likhale lalikulu chotani. Linux ili ndi gawo lotchedwa MTD, limene linapangidwira timachipu ta flash m'zipangizo zing'onozing'ono, ndipo m'menemo muli ma module awiri, slram ndi phram, amene mumawauza kuti kuyambira pa adiresi yakuti mpaka yakuti, tengani memory imeneyo ngati disk. Munthu ankapeza adiresiyo ndi kapulogalamu kotchedwa lspci, n'kuipereka kwa phram, kenako mtdblock inkatulutsa chipangizo chotchedwa /dev/mtdblock0 chimene ankatha kuchikonza ngati disk ina iliyonse. Njirayi ndi yoopsa chifukwa driver ya khadi, pulogalamu imene imayendetsa khadilo, siidziwa kuti mwailanda malo. Ikalemba zithunzi pamalo amene mwaika fayilo, fayiloyo yaonongeka. Inu mukalemba pamalo ake, sikirini imasokonezeka kapena kompyuta imauma. Inkayenda bwinoko ndi ma driver osavuta amene sagwiritsa ntchito memory yambiri. Kuwerenga kudzera pazenerali kumachedwanso kwambiri kuposa kulemba. Masiku ano zeneralo limatha kukula mpaka kukwana memory yonse, chifukwa cha Resizable BAR imene AMD inayamba kuilengeza mu 2020 ndi dzina lakuti Smart Access Memory, Nvidia n'kutsatira mu 2021. Koma vuto lolimbirana malo ndi driver silinachoke.

Njira imene ndingailangize kwa wofuna kuphunzira ndi yopempha mwaulemu. M'malo molanda memory, pulogalamu imapita kwa driver n'kupempha malo, monga mmene gemu imachitira. Chitsanzo chodziwika bwino ndi vramfs, imene Alexander Overvoorde analemba mu 2014 n'kuiika pa GitHub kuti aliyense aitenge. Imaima pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi FUSE, imene inalowa mu kernel, mtima wa Linux umene umalamulira ziwalo za kompyuta, mu 2005, pa mtundu wa 2.6.14. FUSE imalola pulogalamu wamba, yosakhala m'kati mwa kernel, kuti idzionetse ngati disk: mukatsegula foda inayake, kernel imapereka funso lanu kwa pulogalamuyo, iyo n'kuyankha. Chachiwiri ndi OpenCL, chiyankhulo chimene bungwe la Khronos linakhazikitsa kuti mapulogalamu azituma GPU ntchito zowerengera zosakhudza zithunzi. Mu OpenCL pulogalamu imatha kunena kuti ndipatseni malo akuti mu memory ya khadi, ikani izi m'menemo, ndibwezereni izo. vramfs siituma GPU kuwerengera chilichonse. Imangopempha malo, kuika, ndi kutenga.

Tiyeni titsatire fayilo imodzi, chifukwa m'pamene zonse zimaonekera. Mwayatsa vramfs ndipo mwaiuza kuti foda yakuti ikhale ya 2 GB. Nthawi yomweyo imapempha driver malo onsewo, ogawidwa m'zidutswa za 128 KB, n'kuwasunga ngakhale musanaikemo kanthu. Tsopano mukukopera kavidiyo ka ukwati m'fodamo. Pulogalamu yokopera imauza kernel kuti lembani izi. Kernel imaona kuti fodayo ndi ya FUSE, n'kupereka uthengawo kwa vramfs. vramfs imatenga chidutswa chopanda kanthu, n'kuuza OpenCL kuti iike uthengawo m'menemo. Driver imakonza ulendo, uthengawo n'kuoloka PCI Express. Powerenga, ulendo ndi womwewo chobwerera. Mayina a mafayilo, kukula kwake, ndi mndandanda wa kuti chidutswa chiti ndi cha fayilo iti, zonsezo zimakhala mu RAM wamba, m'manja mwa vramfs. Mu khadi mumapita za m'kati mwa fayilo zokha.

Poima paliponse pamadya nthawi. Kuchoka mu pulogalamu kulowa mu kernel, kutuluka kupita kwa vramfs, kulowanso kwa driver, zonsezi zimachitika pa chidutswa chilichonse. N'chifukwa chake mwini vramfs, poyesa pa kompyuta yake, anapeza 2.4 GB pa sekondi powerenga ndi 2.0 polemba, limene iye anati ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a liwiro la disk yopangidwa mu RAM wamba. Analembanso poyera kuti pulogalamuyi sanaipangire ntchito zodalirika. Manambalawa ndi abwino mukawaika pambali pa hard disk yozungulira, amaiposa kakhumi kapena kuposerapo. Amaposanso SSD ya SATA pafupifupi kanayi. Koma SSD ya NVMe, imene imadzera pa PCI Express m'malo mwa SATA, ikakhala pa PCI Express 3.0 imafika cha pa 3.5 GB pa sekondi, ya pa 4.0 cha pa 7, ndipo iyo siiwala magetsi akathima. Amene ali ndi NVMe alibe chifukwa chovutikira ndi zimenezi.

Mafayilo ang'onoang'ono ndiye amaluza kwambiri. Fayilo ya 2 KB imatengabe chidutswa chonse cha 128 KB, moti timafayilo 1,000 totere timadya pafupifupi 128 MB. Ndipo pa kafayilo kalikonse nthawi yambiri imathera pa kutumizirana mauthenga, osati pa kusuntha uthengawo. VRAM imachita bwino ndi fayilo yaikulu yowerengedwa kuyambira koyamba mpaka kumapeto.

Kwa a Windows kuli GpuRamDrive, imene imachita zofanana mothandizidwa ndi driver ya ImDisk, ndipo disk yake imaoneka ndi chilembo chake pambali pa C ndi D. Malire ake ndi omwewa.

Tsopano chenjezo limene likukhudza anthu ambiri kuno. Ma laputopu ambiri amene amagulitsidwa m'tawuni ya Tete kapena kubwera kudzera pa Zóbuè ndi pa Calómuè alibe khadi la graphics lapadera. Ali ndi Intel HD Graphics, kapena graphics ya AMD yokhala m'kati mwa purosesa momwemo. Zimenezi zilibe memory yakeyake, zimabwereka RAM. Windows ikakuonetsani kuti muli ndi "shared GPU memory" ya 2 GB kapena 4 GB, imeneyo ndi RAM yanu yomwe ija. Kuika vramfs pa makina otere ndi kutenga RAM, kuizungulitsa njira yaitali, n'kuibweza yochedwa. Nkhani yonseyi ikukhudza okhawo amene ali ndi khadi lapadera, la memory yake.

Ena safuna kuikamo mafayilo, amafuna kuti VRAM ikhale swap, malo amene kompyuta imathirako zinthu RAM ikadzaza. Maganizowa ndi omveka kwa munthu wa 4 GB, koma apa pali msampha umene ndikufuna muumvetse bwino. vramfs ndi pulogalamu wamba, ndipo nayo imakhala mu RAM. RAM ikadzaza, kernel imasankha zoti ichotse, ndipo ikhoza kusankha zidutswa za vramfs yeniyeniyo, kapena za OpenCL imene ikuidalira, n'kuzitumiza ku swap. Kuti zibwere, pafunika vramfs igwire ntchito. Kuti vramfs igwire ntchito, pafunika zidutswazo zibwere. Kompyuta imangouma, mouse osayenda, ndipo chotsala n'kuizimitsa ndi batani. Odziwa amapewa izi pokhoma pulogalamuyo mu RAM kuti isachotsedwe, koma ndi ntchito yofuna kusamala, ndipo ine sindingaiike pa kompyuta imene munthu amadyerapo. Pa vuto la RAM yochepa, zram ndi yabwino kwambiri. Inakhazikika mu kernel pa 3.14 mu 2014, ndipo imafinya zinthu zosagwiritsidwa ntchito n'kuzisunga mu RAM momwemo. Mafoni a Android amaigwiritsa ntchito, Fedora inaiika kuti iziyaka yokha kuyambira mu 2020, ndipo Windows 10 ili ndi njira yake yofinyira memory.

Palinso mwini malo. Memory imene mwatenga, khadi silingaigwiritsenso ntchito. Mukatenga 6 GB pa khadi la 8 GB kenako n'kutsegula pulogalamu yodulira mavidiyo, idzapeza malo ochepa, driver idzayamba kukankhira zinthu ku RAM, ndipo zonse zidzachedwa kapena pulogalamuyo idzatsekeka. Mwini vramfs amalangiza kusapyola theka la memory ya khadi. Ndiye kwa okonza mavidiyo pali kutsutsana: nthawi imene mukufuna malo achangu oikapo mafayilo ndi nthawi yomweyo imene khadi likufuna memory yake.

Za magetsi sindifuna kuzipeputsa. Damu la Cahora Bassa, la 2,075 MW, lili m'chigawo chathu momwe muno ku Songo, koma magetsi m'nyumba ndi m'mashopu amathimabe. M'dzinja mphezi za kumapiri a Angónia ndi Tsangano zimadula mawaya, ndipo mayunitsi a Credelec amatha kuthera pakati pa ntchito. Fayilo ya pa hard disk ikafufutidwa mwangozi, pali mapulogalamu amene nthawi zina amaibweza. Ya mu VRAM ilibe pobwerera. Si magetsi okha: driver ya khadi ikauma n'kudziyambitsanso, zimene zimachitika pa Windows ndi pa Linux pomwe, malo amene pulogalamu inapatsidwa amatayika ndi zonse za m'menemo. vramfs ikatsekeka, n'chimodzimodzi. Vidiyo ya ukwati wa anthu, zithunzi za ubatizo, monografia ya wophunzira wa ku UniZambeze amene wabwera kudzasindikiza, izi ndi zinthu zimene sizijambulidwa kapena kulembedwa kawiri. Zisakhale mu VRAM mokha ngakhale kwa mphindi imodzi.

Kutentha kumawonjezera vuto lina losaoneka. Makhadi a magemu ambiri alibe ECC, njira imene makhadi okwera mtengo a m'ma server amagwiritsa ntchito pozindikira ndi kukonza zolakwika mu memory. Pa gemu, kachidutswa kamodzi kakalakwika, kadontho kamodzi ka pa sikirini kamasintha mtundu kwa kanthawi ndipo palibe amene amaona. Mu fayilo ya ZIP kapena m'chikalata, kachidutswa kamodzi komweko kakhoza kuchititsa kuti fayilo yonse ikane kutseguka. Makhadi ambiri a RX 580 ndi anzake amene anadzaza misika ya zinthu zakale anachokera kwa okumba ndalama za crypto, makamaka Ethereum itasiya kukumbidwa ndi ma GPU mu Seputembala 2022. Okumbawo ankathamangitsa memory kupyola muyeso wake, usana ndi usiku. Khadi lotere likafika mumzinda wa Tete, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, m'chipinda cha malata, fumbi litatseka mafani, memory yake si yoti n'kuikhulupirira musanaiyese. Ku Ulongue ndi ku Furancungo kumazizirako, koma fumbi ndi lomwelo. Komanso makhadi ena salowa mu mpumulo wake wonse pamene pulogalamu yagwira memory, choncho amatentha ndi kudya mayunitsi kuposa mmene akanachitira atangokhala.

Opanga makompyuta nawo sanatsate njira yoika mafayilo mu VRAM. Anapita kwina: akufuna kuti mafayilo a pa SSD azifika ku khadi msanga. AMD inamatirira SSD ya 2 TB pa khadi la Radeon Pro SSG mu 2017, Nvidia ili ndi GPUDirect Storage, ndipo Microsoft inatulutsa DirectStorage ya Windows mu 2022. Kuwonjezera apo, mapulogalamu a AI amene anthu akuyendetsa pa makompyuta awo amadya VRAM yonse imene apeza, moti memory yongokhala ikuchepa.

Ndiye amene angapindule ndi ndani? Ndi munthu wa desktop yakale imene RAM yake yafika pa malire a motherboard kapena sakupeza ndodo zoyenera, amene akugwiritsabe ntchito hard disk yozungulira, ali ndi khadi la 6 GB kapena 8 GB, ndipo ntchito imene akuchita siifuna khadilo. Iyeyu akhoza kuika mu VRAM zinthu zotayika zosadandaulitsa: mafayilo amene akumasula mu ZIP kuti angoona za m'kati, kope ya vidiyo imene akuisintha mtundu ndi purosesa pomwe yeniyeni ili pa disk, mafayilo apakati amene amapangika pomanga pulogalamu. Ngati RAM ilipo yokwanira, tmpfs, disk yopangidwa mu RAM wamba imene ili kale mu Linux, imachita ntchito yomweyi mwachangu kuposa, popanda kuika chilichonse. Ndipo ngati pali ndalama pang'ono, SSD ya SATA, ngakhale yaing'ono, imasintha kompyuta yakale kwambiri kuposa vramfs, chifukwa imafulumizitsa kuyaka ndi kutsegula mapulogalamu onse.

Kwa ophunzira za makompyuta, a ku Instituto Superior Politécnico de Tete kapena odziphunzitsa okha, phindu lalikulu ndi la maphunziro. vramfs ndi yaing'ono, yolembedwa mu C++, ndipo munthu akhoza kuiwerenga yonse n'kuona ndi maso mmene foda, dzina la fayilo ndi zidutswa zake zimalumikizirana. Poyesa, yambani ndi clinfo kuti muone ngati OpenCL ikuliona khadi lanu. Pa Nvidia imabwera ndi driver ya kampaniyo. Pa makhadi akale a AMD pamafunika khama pang'ono, ndipo Rusticl, OpenCL ya m'ma driver aulere otchedwa Mesa, ndi imodzi mwa njira zake. Kenako ikani mafayilo omangira a FUSE ndi OpenCL, mangani ndi make, pangani foda yopanda kanthu, n'kuyatsa vramfs ndi dzina la fodayo ndi kukula kumene mukufuna, kosapyola theka la khadi. Pa Nvidia, nvidia-smi idzakuonetsani memory itatengedwa nthawi yomweyo. Musanaikemo ntchito iliyonse, koperani fayilo yaikulu yokwana pafupifupi malo onsewo, isiyeni maola angapo masana kukutentha, ikopereni kubwerera pa disk, kenako yerekezani sha256sum, nambala yokhala ngati chidindo cha fayilo, ya fayilo yoyamba ndi ya yobwerayo. Manambalawo akasiyana ngakhale kamodzi, mwina memory ya khadilo ili ndi vuto, ndipo musaikemo fayilo ina iliyonse.